Chifukwa chake dokotala amayang'ana mutu pofufuza vuto la msana wa mwana wosabadwa

Moni nonse owonera. Chithunzi cha sikani chimene tikambirane ndi cha mwana wa masabata 12 m'mimba, ndipo kutalika kwake kuchokera paliwombo kukafika kumatako ndi pafupifupi masentimita 6. Pa msinkhu wotere msana umakhala waung'ono kwambiri moti n'kovuta kuona ngati watsekeka bwino, komabe dokotala wozolowera ntchitoyi akhoza kukayikira matenda a spina bifida, omwe ndi kusatsekeka bwino kwa msana, pongoyang'anitsitsa kunkhongo kwa mwanayo.

Vutoli limayamba msanga, nthawi zambiri mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Pofika tsiku la 28 chiyambireni pathupi, kachubu kamene kamadzasanduka ubongo ndi mtsempha wa mumsana kamayenera kukhala katatsekeka, ndipo n'chifukwa chake amayi amalangizidwa kumwa mamaikulogalamu 400 a folic acid, vitamini wothandiza kuti kachubuko katsekeke, tsiku lililonse asanatenge mimba. Kachubuko kakapanda kutsekeka kumunsi, msana umatsala ndi mpata, ndipo madzi ozungulira ubongo amayamba kuchucha pamenepo. Madziwo akamatayika, mbali yakumbuyo ya ubongo imatsetserekera kukhosi n'kukapanikizika pa fupa la kunkhongo. Bala lili kumsana, koma chizindikiro chake chimaoneka m'mutu.

Mu 2009, Rabih Chaoui wa ku Berlin, Kypros Nicolaides wa ku London ndi anzawo anafotokoza chizindikiro chotchedwa intracranial translucency. Chizindikirochi chimaoneka pa chithunzi cha sikani, mbali yakumbuyo ya ubongo. Pakati pa timizere tiwiri toyera pali kampata kakuda kodzaza madzi, kamene m'lifupi mwake kamakula kuchoka pa mamilimita 1.5 kufika pa 2.5 pakati pa sabata la 11 ndi la 13. Mwa ana anayi a spina bifida amene zithunzi zawo zinaunikidwa pa kafukufukuyo, kampatako sikanaoneke, chifukwa ubongo unali utakafinya. Ana anayi ndi ochepa ndithu, koma chimene chinakopa madokotala n'chakuti sipafunika makina atsopano: chithunzi chake ndi chomwe chija amajambula kale poyeza madzi a kuseri kwa khosi la mwana pa sikani ya masabata amenewa.

Pambuyo pake panabwera muyezo wina umene sudalira kungoona ndi maso. Dokotala amayeza kunenepa kwa tsinde la ubongo, kenako amayeza mtunda wochoka kuseri kwa tsindelo kukafika pa fupa la kunkhongo. Mwa mwana amene msana wake watsekeka, tsinde limachepa poyerekeza ndi mtundawo. Ubongo ukatsetsereka zinthu zimatembenuka, tsinde limaoneka lonenepa ndipo mtunda umafupika, kotero kuti mukagawa nambala yoyamba ndi yachiwiri yankho limapitirira 1.

Kuyang'ana mutu si kwachilendo, pakuti kuyambira 1986 madokotala amadziwa za chigaza chooneka ngati ndimu ndi ubongo wakumbuyo wopindika ngati nthochi, kungoti zizindikiro zimenezo zimaoneka bwino mimba itakula, cha m'masabata 18 mpaka 22.

Tiyenera kuchenjeza kuti sikani yoyambirirayi imangodzutsa chikayiko, siipereka yankho lomaliza. Mwana akagona mopendekeka kapena akapinda khosi, kampata kaja kakhoza kubisika ngakhale alibe vuto, ndipo woyeza wosazolowera akhoza kukasokoneza ndi mpata wina wapafupi. Komanso pali spina bifida yophimbidwa ndi khungu, imene madzi sachucha, choncho ubongo umakhala pamalo pake ndipo zizindikirozi sizioneka. Dokotala akakayikira, amaunika msana weniweniwo mosamala, nthawi zina ndi kachipangizo kodzera kumaliseche, n'kumuuza mayiyo kuti abwerenso pakapita masabata ochepa.

Nanga kudziwa msanga kumathandiza chiyani? Kafukufuku wotchedwa MOMS wa ku United States, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anayerekeza ana otsekedwa msana ali m'mimba, masabata 26 asanakwane, ndi ana ochitidwa opaleshoni atabadwa. Pofika chaka chimodzi, ana 40 mwa 100 alionse a gulu loyamba anali ataikidwa kachubu kochotsa madzi m'mutu, pamene m'gulu lachiwiri anali 82. Opaleshoni ya m'mimbayi ili ndi zoopsa zake, monga mwana kubadwa masiku asanakwane ndi chiberekero kufooka pa chipsera, ndipo imachitika m'zipatala zochepa. Makolo amene auzidwa pa sabata la 12 amakhala ndi miyezi itatu yoyezetsa zina, yofunsa akatswiri ndi yosankha kokachilira, pamene amene auzidwa pa sabata la 22 amatsala ndi masabata anayi okha.