Loya wa boma azikhala kuti? Nkhani ya ma county akumudzi kuno ku America

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko, takulandirani nonse.

Ndikufuna tikambeko za munthu mmodzi yemwe ambirife sitimuganizira mpaka tsiku lomwe mwana wagwidwa ndi apolisi, ameneyu ndi loya wa boma wa mu county, dera lomwe kwathu tingati boma ngati la Zomba kapena Dedza. Kuno ku Indiana amati prosecuting attorney, ku Nebraska county attorney, ku South Dakota state's attorney, koma chachikulu nchoti apolisi akamanga munthu, iyeyu ndi amene amaona ngati mlandu upite kukhothi, upite ngati mlandu wanji, kapena uthere pomwepo. Kwina amalangizanso akuluakulu oyendetsa county pa nkhani za malamulo. Kwathu ku Malawi mukudziwa, DPP, mkulu wa oimira boma pa milandu, amasankhidwa ndi Pulezidenti ndipo milandu yambiri ya kwa majisitileti oimira boma amakhala apolisi. Kuno ayi, m'ma state ambiri munthuyu amachita kumuvotera, ku Indiana kuno pa zaka 4 zilizonse.

Ndiye poti ndi udindo wovoteredwa, malamulo m'malo ambiri amati azikhala m'dera lomwelo lomwe akutumikira. Ine lamulo limeneli ndimalimvetsa ndipo ndimalilemekeza. Munthu wokhala ndi mphamvu yotsekeretsa mnzake mundende akuyenera kumakumana ndi anthuwo kugolosale, kutchalitchi, kumpira wa ana kusukulu, amve akamadandaula, aone yekha zomwe mankhwala osokoneza bongo akuchita mtauni yake. Apolisi akafuna upangiri usiku pakati chifukwa kwachitika zoopsa, akhale pafupi, osati ali ulendo wa maola awiri msewu utadzaza sinowo. Paja mlendo ndi mame, wobwera Lachiwiri lokha n'kubwerera madzulo sadziwa kuti banja liti likuvutika ndi chani.

Koma tsono bvuto lili apa abale anga. Nanga ngati mu county monsemo mulibe loya olo mmodzi? Sindikukokomeza ayi. Lipoti la 2020 la American Bar Association, bungwe la maloya a dziko lino, linapeza kuti mwa ma county opitirira 3,100 a dziko lino, 54 analibe loya aliyense, ndipo ena 182 anali ndi mmodzi kapena awiri basi. Achinyamata akamaliza sukulu ya zamalamulo amatuluka ndi ngongole yaikulu, ndiye amathamangira kumizinda komwe kuli malipiro abwino, kumudzi kumatsala madala omwe akudikira kupuma pantchito ndipo wowalowa m'malo palibe. Chisankho chikafika palibe woimira, kapena woimira ndi mmodzi yemweyo chaka ndi chaka, kaya akugwira bwino kaya ayi, mulibe wina womusankha.

Ndipo pomwe pali awiriwo palinso mutu wina. M'ma county ang'onoang'ono ambiri ntchitoyi si ya tsiku lonse, loyayo amakhalanso ndi ofesi yakeyake yolemba ma wilu, kugawa chuma cha masiye, za malo, za kutha kwa mabanja. Ndiye taganizani, yemwe wamangidwa lero anali kasitomala wake chaka chatha, kapena wodandaulayo ndi mlamu wake. Apo sangaugwire mlanduwo, khothi limayenera kuitana loya wina wakutali, masiku akupita, munthu ali mchitokosi kudikira, ntchito yake yatha, lendi sinalipidwe. Kudziwana komwe tinakuyamikira kuja nkomwenso kwamumanga manja.

Madera ena afewetsako. Ku Nebraska lamulo limalola loya wa boma wa county yopanda mzinda waukulu kukhala mu county yoyandikana nayo. Konkuno ku Indiana tili ndi ma county 92 koma ma prosecutor 91, chifukwa Dearborn ndi Ohio County amagawana mmodzi. Izi ine ndimagwirizana nazo, munthu wa tauni yapafupi akadali wakomweko, misewu yake ndi yomweyo, anthu amamudziwa. Chomwe sindingavomere nkuchotseratu lamulo lonse kuti aliyense wa mumzinda waukulu azingotenga ma county angapo ngati maganyu.

Omwe anandisangalatsa kwambiri ndi a ku South Dakota. Iwo anaona kuti kusintha lamulo lokha sikubweretsa munthu, ndiye mu 2013 anayambitsa pologalamu yolipira maloya kuti akakhale kumudzi, yoyamba ya mtundu wake mdziko muno, ndipo mkulu wa makhothi nthawi imeneyo David Gilbertson anailimbikira zedi. Loya akavomera kukhala ndi kugwira ntchito zaka 5 mu county ya anthu osapitirira 10,000 amalandira pafupifupi madola 12,500 chaka chilichonse pamwamba pa zomwe akupeza yekha, ndipo ndalamayo amasonkherana a makhothi, bungwe la maloya, ndi county yomweyo. Zaka 5 ndi zambiri, munthu amakhala wagula nyumba, ana ayamba sukulu, ena samachokanso. North Dakota nayo inadzatengera.

Mwina wina akuti zikutikhudza bwanji ife. Zikutikhudza chifukwa si tonse tili mu South Bend muno, abale athu ena ntchito za unesi ndi zosamalira okalamba zawatengera m'matauni ang'onoang'ono. Ngati muli kumeneko dziwani dzina la prosecutor wanu ndi komwe kuli ofesi yake. Dziwaninso kuti iyeyu si loya wanu, amaimira boma, mukamangidwa musayambe kumufotokozera nkhani yanu poganiza kuti akuthandizani, pemphani loya wanu, ngati mulibe ndalama uzani jaji akupatseni public defender, loya woimira anthu omwe sangakwanitse kulipira. Ndipo inu omwe simunakhale nzika, musavomere mlandu uliwonse olo uoneke waung'ono musanafunse kuti ukhudza bwanji mapepala anu. Omwe munatenga unzika, musamangovota pa chisankho cha Pulezidenti chokha, kuno ku Indiana prosecutor amavoteredwa pa chisankho cha pakati pa zisankho za Pulezidenti, ndiye mukapitenso muone dzina lake pa pepala lovotera.

A tcheyamani, ndaona manja awiri akwezedwa uko, tiyambe ndi amayi avala chitenjewo.