Mafuta a m'munda wa nzimbe: zomwe zinayankhulidwa pa msonkhano ku Dwangwa

Zikomo a gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo. Anyamata a kabaza amene mwaimika njinga pansi pa mtengo wa mangowo, sunthirani pafupi, nkhani ya lero ndi yanu kwambiri.

Ndiyambe ndi funso. Mukapita pa malo omwetsera mafuta n'kunena kuti "thirani wa faifi sauzande", chimene chimalowa m'thankimo n'chiyani? Mwati petulo? Ee, koma si petulo yekha. Muli madzi a nzimbe zomwe zili kuseri kwa nyumba zathuzi.

Musaseke, ndifotokoze. Nzimbe zikafika ku fakitale ya shuga zimafinyidwa, madzi ake n'kuphikidwa mpaka shuga atapatuka. Pamatsala chiphala chakuda chonanda, chija timati molasesi. Chimenecho amachitenga kupita nacho ku fakitale ina ya EthCo, pompano pa Dwangwa, n'kuchisasitsa ndi yisiti, kenako n'kuchitcheza. Amayi amene mumadziwa za kachasu mwamva kale, sinditchula maina. Ntchito yake ndi yomweyo, kungoti kumeneko amatcheza mpaka madzi onse atachoka, kutsala mowa weniweni wotchedwa ethanol. Uwo si wakumwa ayi, ndanena pamaso pa mafumu.

Fakitale ya EthCo imeneyi inayamba mu 1982, ndipo kuyambira chaka chimenecho dziko lino lakhala likusakaniza ethanol ndi petulo. Ena a inu munali musanabadwe. Ina, ya PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004, imatenga molasesi wa ku Nchalo. Poyamba paja, mu 1982, boma silinkaganiza zakusintha kwa nyengo. Mafuta anali atakwera mtengo padziko lonse m'zaka za m'ma 1970, ku Mozambique kunali nkhondo yomwe inkasokoneza njira zopita ku madoko a Beira ndi Nacala, ndipo ife tilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo timagula ndi ndalama zakunja. Mizere ija munagona pa malo omwetsera mafuta, zigubu zili m'manja, gwero lake ndi lomwelo: madola akasowa, mathankala sabwera. Ndiye lita iliyonse yochokera ku nzimbe ndi lita imene sitinapemphe kwa munthu.

Za nyengo zabwera pambuyo, koma zakwanira bwino. Petulo amachokera pansi pa nthaka, kumene mpweya wa kaboni unakwiririka kalekale. Tikamuwotcha timautulutsa n'kuuwonjezera kumwamba, dziko n'kumatentha, mvula n'kumabwera mosadziwika bwino. Ethanol nayenso akapsa amatulutsa mpweya womwewo, ndisakunamizeni. Kusiyana kwake n'kwakuti nzimbe ija pokula inayamba yaumeza kuchokera mumlengalenga, ndipo chitsa chikaphukanso chiumezanso. Zili ngati kutunga madzi m'nyanja n'kuwathiranso momwemo. Komabe si zoyera kotheratu. Mathirakitala onyamula nzimbe amayendera dizilo, feteleza ali ndi utsi wake kumene amapangidwa, ndipo phulusa la minda ikamatenthedwa lija limagwera pa zovala zanu pachingwe mumalidziwa kuposa ine.

Tsono boma limachita chiyani? Chachikulu ndi lamulo. Silidikira kuti woyendetsa galimoto asankhe yekha, limalamula makampani a mafuta kuti asakanize asanagulitse, ndipo bungwe la MERA, lomwe limalengezanso mitengo ya mafuta, ndilo limayang'anira. Muyezo womwe boma limafuna ndi malita 20 a ethanol pa malita 100 aliwonse. Koma nthawi zambiri sitifikapo, chifukwa molasesi ndi wochepa. Amapezeka pokhapokha shuga akupangidwa, ndipo nyengo ya mvula fakitale ikaima kugaya, naye amaduka. Lamulo likhoza kulembedwa bwino ku Lilongwe, koma limathera m'munda. Nzimbe zikachepa, palibe chosakaniza. N'chifukwa chake alimi a nzimbe amene muli pano, ngakhale inu a maekala awiri, nkhani ya mafuta a dziko ikukukhudzani, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti phindu la molasesi limakufikani bwanji pa mtengo wa nzimbe zanu.

Anzathu a ku Brazil anapita nazo patali. Anayamba ndondomeko yawo mu 1975, ndipo kuyambira 2003 amagulitsa magalimoto omwa petulo, ethanol yekha, kapena zosakaniza mulimonse. Iwo amafinya nzimbe mwadala kuti apange mafuta, pamene ife timadalira zotsalira. Kutengera zimenezo kumafuna malo ndi madzi ambiri, ndipo apa ine ndimachita mantha pang'ono. Dambo limene mukulima mpunga wa kilombero likasanduka la nzimbe, thanki idzakhuta koma mwana adzagona ndi njala. Ena mukukumbukiranso mitengo ya jatropha imene tinalimbikitsidwa kubzala m'malire a minda kuti ipange mafuta osakaniza ndi dizilo. Ine ndemwe ndinabzala mzere wonse kumunda kwa amayi anga. Ogula anabwera kawiri, kenako ziii. Lero ndi mpanda wotchinga mbuzi basi. Ndiye munthu akabwera ndi mbewu ya mafuta, mufunseni kaye kuti adzagula ndani, pa mtengo wanji, kwa zaka zingati.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Mukuti ethanol sawononga injini? Funso labwino, achimwene. Pa muyezo umene umagulitsidwa pa pampu, njinga yanu imayenda bwinobwino, mwakhala mukuyendera omwewo zaka zonsezi. Zoona zake n'zakuti lita ya ethanol ili ndi mphamvu yocheperapo kuposa ya petulo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Vuto lenileni ndi madzi: ethanol amakoka chinyezi. Asodzi a mainjini a maboti, mukasunga mafuta m'chigubu chosatseka bwino m'mphepete mwa nyanja kwa milungu, madzi amakhazikika pansi pamodzi ndi ethanol, injini n'kumakutsokomolerani muli pakati pa nyanja. Tsekani chigubu, chiikeni pamthunzi, ndipo musasunge nthawi yaitali. Amayi mwavala chitenje chofiira, munali ndi funso, imani timve.