Mwana wa Sitandade 5 timuuze za kutha msinkhu kapena tidikire akule?

Moni nonse abale anga, takulandiraninso pa tchanelo pano. Lero tikamba nkhani ija makolo ambiri akaimva amangoyang'ana kumbali, ya kutha msinkhu kwa ana athu a pulayimale.

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Mtsikana amayamba kusintha thupi penapake pakati pa zaka 8 ndi 13, mnyamata pakati pa 9 ndi 14. Ndiye tawerengerani, mwana akayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, pofika Sitandade 4 kapena 5 ena mabere ayamba kale kutuluka, thukuta layamba kununkha, ziphuphu kumaso, ndipo poti ana ambiri kuno kwathu amayamba sukulu mochedwa kapena kubwereza makalasi, mupeza mtsikana wa zaka 13 wakhala desiki imodzi ndi kamwana ka zaka 9.

Apa ndi pamene pali vuto. Mwambo wathu umadikira. Mtsikana akula kaye, akaona magazi athamangire kwa azakhali kapena agogo, kenako ayitanidwe anankungwi, kapena amayi a chilangizo a ku tchalitchi. Malangizowo ndi abwino ndithu, sindikunyoza, koma amabwera zinthu zitachitika kale. Nanga tsiku loyambalo likamupeza ali m'kalasi? Yunifolomu yadetsedwa, anyamata akuseka, iye akuganiza kuti wavulala kapena walodzedwa, ndiye mawa lake safunanso kupita kusukulu. Anyamata ndiye kaya, ambiri palibe amawauza chilichonse, mawu akayamba kusintha kapena akadzuka kabudula atanyowa usiku amakafunsa anzawo ku bawo kapena pa foni ya achimwene awo, komwe amamva zabodza zokhazokha.

Kusukulu kuli phunziro la Life Skills, ndipo nkhani za kusintha kwa thupi zimapezekamo. Koma aphunzitsi nawonso ndi anthu a m'mudzi momwemo, ena amachita manyazi, ena amaopa kuti kholo libwera ndi ukali kuti mukuphunzitsa mwana wanga zolaula. Ndiye mutu uja amangoudumpha, kapena kulembetsa manotsi pa bolodi basi.

Nchifukwa chake ine ndimati sukulu iyambe ndi makolo, isanayambe ndi ana. Ahedi ayitane msonkhano wa PTA, bungwe lija la makolo ndi aphunzitsi, pakhale a komiti ya sukulu, amayi a mother group, ngati nkotheka a mfumu ndi a zaumoyo a m'deralo, muwaonetse makolo buku lenilenilo, tsamba ndi tsamba, kuti izi ndi zomwe tiwauze ana anu sabata ya mawa. Kholo likaona kuti nkhani ndi ya kusamba m'thupi, kuchapa nyanda nkuyanika padzuwa osati pansi pa bedi, kugwiritsa ntchito padi, kudziwa kuti msambo si matenda, mtima umakhala pansi. Abambonso abwere, eee, musamangotuma amayi, ndalama ya sopo ndi mapadi nthawi zambiri imachokera m'thumba mwanu.

Chinanso chomwe mwana wa msinkhu uwu ayenera kumva ndi chakuti thupi ndi lake, wina aliyense akamugwira malo obisika, kaya ndi malume, kaya ndi aphunzitsi, kaya ndi wa kabaza womupatsa lifiti, anene. Ndipo kutha msinkhu sikutanthauza kuti wafika pa banja ayi. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasinthanso malamulo oyendetsera dziko kuti ngakhale makolo avomere, mwana wosakwana 18 sakwatiwa. Pali nambala yaulere ya ana, 116, ana aiziloweza ngati nyimbo.

Kunyumba musadikire tsiku lalikulu lokhala pamphasa ayi. Mukusenda mbatata, mukupita kuchigayo, funsani kuti kodi ku Life Skills mwaphunzira chani lero, mumvetsere kaye osamukalipira. Ngati pakamwa pakulemera, tumani azakhali, koma atumeni chaka chino mwana ali ndi zaka 9 kapena 10.

Mu vidiyo yotsatira tidzaonetsa kasokedwe ka padi ya nsalu yochapa, ndiye sakani chitenje chakale, singano ndi ulusi. Tionana.