Kodi zipangizo zoyezera kutentha kwa dziko zikutinamiza?

Takulandirani, owonera athu. Lero tikukambirana funso limene anthu okayikira za kusintha kwa nyengo amafunsa kawirikawiri: kodi dziko likutenthadi, kapena zipangizo zoyezera ndi anthu osunga ziwerengero ndiwo akutisocheretsa?

Funsoli si lopanda pake. M'chaka cha 2007, Anthony Watts, yemwe kale ankalengeza za nyengo pa wailesi ya kanema ku America, anayamba kusonkhanitsa zithunzi za malo oyezera nyengo m'dzikolo, ndipo zinaoneka kuti ena anali pafupi ndi phula, makoma a nyumba, ngakhalenso makina oziziritsa m'nyumba amene amalavula mpweya wotentha panja. Aliyense amene anapondapo phula masana a mwezi wa Okutobala akudziwa chimene malo otere angachite ku chipangizo choyezera kutentha.

Mmodzi mwa amene anakayikira anali Richard Muller, katswiri wa sayansi pa yunivesite ya California ku Berkeley. Iye sanangokhala n'kumadandaula, koma mu 2010 anayambitsa gulu la Berkeley Earth kuti liwerengenso zonse kuyambira pachiyambi, ndipo gawo la ndalama za ntchitoyi linachokera ku bungwe la Charles Koch, mpondamatiki amene chuma chake chambiri chimachokera ku mafuta. Gululi linasanthula ziwerengero za malo oyezera oposa 30,000, linayerekeza a m'mizinda ndi a kumidzi, malo abwino ndi malo oipa, ndipo linapeza kuti kutentha kwa kumtunda kwakwera ndi madigiri pafupifupi 1.5 m'zaka 250. Mu Julayi 2012, Muller analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti wasintha maganizo, ndi kuti kutenthaku kwadza pafupifupi konse chifukwa cha zochita za anthu, popeza kukwera kwake kunkatsatana ndi kuchuluka kwa mpweya wa carbon dioxide, osati ndi mphamvu ya dzuwa.

Dandaulo lina ndi loti akatswiri amasintha ziwerengero zakale. Amasinthadi, ndipo chifukwa chake n'choyenera kuchimvetsa bwino. Kale amalinyero ankatunga madzi a m'nyanja ndi ndowa, zina za nsalu yolimba, n'kuwayeza ali m'sitima. Monga mmene madzi amazizirira mumtsuko wadothi, madziwo ankazizira pang'ono asanayezedwe, choncho nyanja ya kale inalembedwa ngati yozizira kuposa mmene inalili. Pambuyo pake sitima zinayamba kuyeza madzi olowa kukaziziritsa injini, amene amakhala ofundirapo. Pokonza kusiyana kumeneku, akatswiri amakweza ziwerengero za zaka za m'mbuyo mwa 1940, ndipo popeza nyanja zimatenga pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a dziko lapansi, zotsatira zake n'zakuti kukwera kwa kutentha kwa dziko lonse kumaoneka kocheperapo kuyerekeza ndi ziwerengero zosakonzedwa. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yolemera kwambiri, chifukwa munthu wofuna kukokomeza nkhani sangakonze ziwerengero m'njira yoichepetsa.

Palinso miyezo imene sikhudzana n'komwe ndi phula kapena ndowa. Kuyambira 1979 masetilaiti akhala akuyeza kutentha kwa mlengalenga, ndipo ziwerengero zimene John Christy ndi Roy Spencer amasunga pa yunivesite ya Alabama ku Huntsville, anthu awiri odziwika kuti amakayikira kukula kwa vutoli, nazonso zikuonetsa kuti mlengalenga mukutentha.