Kapulogalamu Kanu Kakupemphanji pa Foni ya Mwini?

CHITHUNZI: Gombe la Senga Bay m'mawa, mabwato akukocheza. Kenako wofotokoza, foni ili m'manja.

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili ku Senga Bay, kuno ku Salima. Nkhani yathu ikukhudza inu achimwene ndi achemwali amene mwaphunzira kulemba masamba a pa intaneti ndi HTML, CSS ndi JavaScript, ndiye mukufuna kuti zimene mwalembazo zizigwira ntchito pa foni ngati pulogalamu. Tikamba za ma widget, timapulogalamu ting'onoting'ono togwira ntchito imodzi basi: kena kosonyeza nyengo, kena kowerengera ndalama, kena kouza anthu mitengo ya pamsika. Kulemba kapulogalamu kotere sikuvuta kwenikweni. Pamene pamafunika nzeru ndi pamene kakufuna kugwira za m'foni ya munthu, kaya kamera, kaya malo amene munthuyo ali, kaya manambala a abale ake.

Tiyerekeze kuti amayi ochita geni ya usipa akupemphani kuti muwakonzere kapulogalamu. Amene ali padoko azilemba mtengo wa ndowa ya usipa tsiku limenelo ndi kujambula nsombazo, kuti anzawo amene ali ku Kamuzu Road kapena ku Lilongwe aone kaye asanawononge ndalama ya minibasi. Chitsanzo chimenechi tiyenda nacho mpaka kumapeto.

CHITHUNZI: Pa kompyuta, fayilo ya zip ikutsegulidwa, mafayilo a m'kati akuoneka.

Tibwerere kaye m'mbuyo pang'ono. Kampani ya Nokia inayamba kulola timapulogalamu totere pa mafoni ake a S60 cha mu 2007, ndipo browser ya Opera inalinso ndi ma widget ake. Vuto linali lakuti aliyense ankapakira mwa njira yake. Mu 2011 bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa malamulo a kalembedwe ka masamba a pa intaneti, linatulutsa njira imodzi. Mumatenga mafayilo anu onse, n'kuwamanga mu zip, n'kuipatsa dzina lothera ndi .wgt. M'katimo mumaikamo fayilo yotchedwa config.xml, yonena dzina la kapulogalamuko, amene wakalemba ndi tsamba loyambira.

Mu fayilo imeneyi muli mizere iwiri imene ine ndimaikonda. Mzere wa feature umanena chinthu cha m'foni chimene kapulogalamuko kakufuna kugwiritsa ntchito. Mzere wa access umanena ma adiresi a pa intaneti amene kakuloledwa kulankhula nawo. Chimene simunachilembe pamenepo, foni siikupatsani. Wolembayo ankayenera kunena poyera zimene akufuna kapulogalamu kake kasanayambe n'komwe kugwira ntchito. A W3C analengeza mu 2018 kuti malamulo a ma widget amenewa anatha ntchito, koma config.xml mukaipezabe mu Apache Cordova, chida chosandutsira masamba a pa intaneti kukhala mapulogalamu a pa foni, ndipo mapulogalamu a pa ma TV a Samsung oyendera Tizen amapakiridwabe mu .wgt.

Masiku ano njira zodziwika ndi ziwiri. Mukhoza kusiya kapulogalamu kanu mu browser, n'kukapatsa fayilo ya manifest, yonena dzina ndi chizindikiro chake, ndi service worker, ka code kosunga mafayilo ake m'foni, kuti munthu akaike pa sikirini ya foni ndipo kazitseguka ngakhale netiweki itathawa. Zimenezi ndi zija amati PWA. Kapena mukhoza kukakulunga ndi Cordova kapena Capacitor kuti kakhale APK, fayilo yoikira pulogalamu pa foni ya Android. Kwa amayi a usipa aja, ine ndinganene kuti yambani ndi browser. Sikadya bandulo yambiri poika, mukakonza cholakwika aliyense amalandira zatsopano osatsitsanso kanthu, ndipo browser imakutetezerani zinthu zambiri zimene mukanaziiwala.

Browser imalandira tsamba lanu ngati mlendo wofika pakhomo. Mlendo amamuyalira mphasa pakhonde, ndipo akafuna madzi amapempha, mwini nyumba n'kukamutungira. Salowa yekha kuchipinda kukasanthula m'masutikesi. Tsamba lanu nalonso silingaone mafayilo a m'foni, silingawerenge za tsamba lina lotseguka pambali pake, ndipo kamera kapena GPS limaifikira pokhapokha mwini foni atavomera.

CHITHUNZI: Foni ikuonetsa kabokosi kopempha chilolezo cha malo.

Tiyambe ndi malo. Mu JavaScript mumaitana navigator.geolocation, ndipo browser imatulutsa kabokosi kofunsa mwini foni ngati akulola. Choyamba dziwani kuti pa http wamba izi sizitheka. Kuyambira mu 2016, pa Chrome 50, tsamba lopanda HTTPS, njira yobisa uthenga wodutsa pa intaneti, silipatsidwa malo a munthu, ndipo kamera anali ataitsekera kale chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chomveka: popanda HTTPS, wina amene ali pakati pa foni ndi seva, kompyuta yosunga tsamba lanu, akhoza kuwerenga kapena kusintha zimene zikudutsa. Satifiketi yofunika pa HTTPS isakudetseni nkhawa, a Let's Encrypt amapereka kwaulere.

Tsopano funso limene ndikufuna mudzifunse musanalembe mzere uliwonse: kodi kapulogalamu ka mitengo ya usipa kakufunikiradi kudziwa pamene mayiyo waima? Chimene anzake akufuna kudziwa ndi doko, kaya ndi Senga Bay, kaya Lifuwu, kaya Chipoka. Ndiye muikireni mndandanda wa madoko asankhe yekha ndi chala. Mwathana nazo popanda kupempha chilolezo chilichonse, batire silinathe, ndipo kagwira ntchito ngakhale pa foni imene GPS yake imachedwa kupeza malo.

Ngati mwaona kuti GPS ikufunikabe, pali getCurrentPosition ndi watchPosition. Yoyambayo imafunsa kamodzi n'kusiya. Yachiwiriyo imatsatira munthu pamene akuyenda mpaka mutaiimitsa. Pa ntchito yathuyi yoyambayo ndi yokwanira. Ndiye taonani manambala amene mumalandira. Mukasunga manambala asanu pambuyo pa kadontho, mwaloza malo osaposa mita imodzi kapena awiri, kutanthauza kuti mwaloza khomo la nyumba ya munthu. Mukasunga awiri okha, mwaloza dera la pafupifupi kilomita imodzi. Dulani manambalawo pa foni pomwepo asanapite ku seva. Mayi amene wanyamula ndalama za mpamba m'chitenje m'bandakucha sayenera kukhala ndi kapulogalamu kolemba mapazi ake mu seva ya munthu wina.

Nthawi yopempha nayonso ndi nkhani. Masamba ambiri amangoti kutseguka, kabokosi kali pamaso. Munthu sanadziwe n'komwe kuti tsambalo ndi la chiyani, ndiye amakana, ndipo akuchita bwino kukana. Browser imakumbukira kukanako, moti kuti asinthe maganizo ayenera kukalowa mu settings, kumene ambiri sapitako. Ikani batani lolembedwa m'Chichewa kuti "Pezani doko limene ndili pafupi nalo", pansi pake mufotokoze chimene muchite ndi malowo, ndipo pemphani pokhapokha iye atadina.

CHITHUNZI: Mayi akujambula usipa uli pathandala.

Kamera. Ambiri amathamangira getUserMedia, imene imatsegula kamera kuti izionetsa zonse m'kati mwa tsamba lanu nthawi yonse imene yayaka. Imeneyo ndi ya ntchito ngati kuyimbirana pa vidiyo kapena kuwerenga QR code. Ife tikufuna chithunzi chimodzi cha nsomba. Gwiritsani ntchito input ya mtundu wa file yokhala ndi capture. Foni imatsegula kamera yake yomwe, mayiyo amajambula, amaona ngati chili bwino, ndipo tsamba lanu limalandira chithunzi chokhacho chimene iye wasankha kukupatsani.

Pali kanthu kena kobisika apa. Chithunzi cha pa foni chimanyamula uthenga wotchedwa EXIF, mmene mumakhala mtundu wa foni, nthawi yojambulira, ndipo nthawi zina malo enieni a GPS. Mukhoza kusamala bwinobwino pa malo kuja, koma chithunzi n'kukaulula zonse. Musanachitumize, chijambuleninso pa canvas, malo ojambulirapo a mu HTML, mutachichepetsa, n'kutumiza chatsopanocho. EXIF imatsala, komanso chithunzi chimene chinali cha ma megabyte angapo chimapepuka kwambiri, bandulo ya mayiyo n'kupulumuka.

Zina browser imakaniratu. Simungawerenge ma SMS a munthu, simungakokolole manambala onse a m'foni mwake. Pa Chrome ya Android pali Contact Picker, koma mwini foni ndi amene amasankha dzina loti akupatseni. Ena amaona ngati kumeneku n'kuperewera. Ine ndimaona kuti n'koyenera, chifukwa m'ma SMS a Amalawi ambiri ndi mmene muli mauthenga a Airtel Money ndi TNM Mpamba, osonyeza ndalama zimene zalowa, zimene zatsala ndi amene watumiza. Ngakhale zinthu zooneka zazing'ono zimatha kuulula munthu. Firefox inatsekera masamba njira yoonera kuchuluka kwa moto wa m'batire mu 2017, zitaoneka kuti ena angaigwiritse ntchito pozindikira munthu yemweyo akamachoka tsamba lina kupita lina.

CHITHUNZI: Pa kompyuta, bokosi lolembamo ndemanga za mtengo.

Apa ndiye mutchere khutu, chifukwa ngozi yaikulu ili pano. Chilolezo chimene mayi uja wapereka sanachipereke kwa inu ngati munthu. Wachipereka ku adiresi ya tsamba lanu. Code iliyonse imene ingayende m'tsambalo imatenga chilolezo chomwecho.

Kapulogalamu kathu kali ndi malo olembamo ndemanga, monga "usipa lero wachepa, mwera wavuta". Munthu wa zolinga zoipa akhoza kulembamo code m'malo mwa mawu. Ngati inu mumaonetsa ndemangazo ndi innerHTML, browser ya aliyense wotsegula tsambalo idzaiona ngati mbali ya tsamba lanu n'kuiyendetsa. Pamenepo wakubayo akutha kufunsa malo a munthu aliyense amene anakulolani kale, kapena kuonetsa kabokosi konamizira kopempha nambala yachinsinsi ya Mpamba, dzina la gulu la amayi aja lili pamwamba. Chinyengo chimenechi chimatchedwa XSS. Mankhwala ake oyamba ndi osavuta: chilichonse cholembedwa ndi munthu chionetseni ndi textContent, kuti chikhale mawu basi. Achiwiri, ikani Content Security Policy, lamulo louza browser kuti iziyendetsa code yochokera ku adiresi yanu yokha. Ndipo chepetsani ma script a eni ake amene mumangomata m'tsamba, a malonda ndi owerengera alendo, chifukwa nawonso amakhala m'kati momwemo. Ngati mukuika widget ya wina pa tsamba lanu, iikeni mu iframe, kazenera koonetsera tsamba lina m'kati mwa lanu. Ikachokera ku adiresi ina siingafikire GPS kapena kamera pokhapokha inu mutalemba allow.

Kwa amene mwasankha APK, chenjezo ili likukula kawiri. Kumeneko tsamba lanu limayenda mu WebView, ka browser ka m'kati mwa pulogalamuyo, ndipo pamakhala njira yolumikiza JavaScript ndi zinthu za Android yeniyeniyo. Pa mafoni akale, Android 4.2 isanabwere mu 2012, njira ya addJavascriptInterface inali ndi bowo loti code yachilendo inkatha kuchita chilichonse chimene pulogalamuyo inali ndi chilolezo chochita. Bowolo linatsekedwa, koma mfundo yake ilipobe: plugin iliyonse imene mwaika yolumikiza tsamba lanu ndi zinthu za m'foni, XSS ikalowa ikhoza kuigwiritsa ntchito. Chotsani ma plugin amene simukuwagwiritsa ntchito, ndipo musatsegule masamba a eni ake m'kati mwa WebView imeneyo. Kumbukiraninso kuti APK ndi zip chabe, monga .wgt ija. Aliyense akhoza kuitsegula n'kuwerenga JavaScript yanu, choncho kiyi yachinsinsi yolandirira malipiro isapezeke mmenemo. Malo ake ndi pa seva.

CHITHUNZI: Mafoni ambiri ali pa tebulo la wotchajitsa.

Kwathu kuno foni imodzi imagwiridwa ndi manja ambiri. Imabwerekedwa kwa mlamu, ana amaseweretsa, imatsala kwa wotchajitsa tsiku lonse. Kapulogalamu kathu kamasunga mitengo ndi zithunzi mu IndexedDB, nkhokwe ya browser ya m'foni, netiweki ikasowa, kudikira kuti ibwere. Zikangotumizidwa, zifufuteni. Musasunge password mu localStorage, ndipo munthu akadina batani lotulukira, zonse zake zichokedi m'foni. Kumbali ya seva, dziwani kuti dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA likuyang'anira, ndipo nambala ya foni ndi malo a munthu ndi zinthu zimene lamuloli limateteza. Zimene simunatole, palibe angakubereni.

Musanakapereke kwa amayi aja, tengani foni yotsika mtengo, ya itel kapena Tecno, yonga imene iwo ali nayo. Kanani chilolezo chilichonse chimene kapulogalamuko kapemphe, muone ngati mungathebe kusankha doko ndi kulemba mtengo. Zimitsani data, lembani mtengo wina, yatsaninso, muone ngati wapita. Kenako m'bokosi la ndemanga lembanimo ka code koyesera, muone ngati katuluke ngati mawu wamba. Mu vidiyo yotsatira tidzakhala pa kompyuta n'kulemba limodzi service worker ya kapulogalamu kameneka, mzere ndi mzere. Zikomo potionera.