Statkraft: kampani yomwe inayamba ndi mathithi amodzi

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo pondipatsa mpata. Lero tikambeko za Statkraft, kampani yopanga magetsi ya ku Norway, imene likulu lake lili ku Oslo. Mwini wake ndi boma, palibenso wina.

Inayamba pang'onopang'ono. Mu 1895 boma linagula mathithi a Paulenfossen pofuna magetsi oyendetsera sitima yapamtunda. Pasanapite nthawi, anthu andalama ochokera kunja anayamba kugula mathithi kwa alimi, ena pamtengo wozizira kwambiri, poti mlimi ankangoona madzi akugwa osadziwa kuti ndi chuma. Apa mvetserani bwino. Kuyambira 1906 mpaka 1917 aphungu a Nyumba ya Malamulo anakhazikitsa malamulo akuti: bwera, manga damu, panga phindu, koma zaka za chilolezo chako zikatha, damulo ndi makina ake zibwerera ku boma popanda kulipira kanthu. Ine lamulo limeneli ndimaliona kuti ndilo mutu wa nkhani yonse. Sanathamangitse mlendo ayi, anangokana kugulitsa mtsinje mpaka kalekale.

Nkhondo yachiwiri itatha, boma linamanga madamu ambiri m'mapiri. Ndikupatseni chitsanzo chimodzi: malo opangira magetsi a Kvilldal, amene ali m'kati mwa phiri, amatulutsa mamegawati 1,240 paokha.

Mu 1991 lamulo latsopano linatsegula msika wa magetsi, ndipo mu 1992 bungwe la boma loyendetsa za magetsi linagawidwa pawiri. Statkraft inatenga ntchito yopanga magetsi, Statnett inatenga mawaya akuluakulu owatumizira. Mwakumbuka momwe EGENCO inapatukira ku ESCOM kwathu kuno? Ganizo lake n'lomwelo, wopanga payekha, wotumiza payekha. Lero Statkraft imagulitsa magetsi pamsika wa Nord Pool, pomwe mtengo umasintha malinga ndi madzi a m'madamu, mphepo ndi kuzizira, ndipo ili ndi ntchito m'mayiko ena monga Germany ndi Brazil.

Koma musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Kumpoto kwa Norway kuli anthu a mtundu wa Sámi, oweta nyama zonga mphalapala zotchedwa reindeer. Boma litafuna kumanga damu pa mtsinje wa Alta, iwo anakana. Mu 1979 ena anadzimana chakudya kutsogolo kwa Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1981 apolisi anachotsa anthu amene anatseka msewu wopita kudamuko. Damu linamangidwabe. Zimandiwawa kuti nkhani yofanana inabweranso ku Fosen, dera la pakati pa Norway, kumene makina opanga magetsi pogwiritsa ntchito mphepo, ena mwa iwo a kampani imene Statkraft ili nayo gawo, anaimikidwa pamalo odyetsera ziweto nthawi yachisanu. Mu 2021 khoti lalikulu linagamula kuti ufulu wa Asámi unaphwanyidwa. Panatenga zaka zoposa ziwiri kuti Asámi ndi eni makinawo agwirizane za chipukuta misozi ndi malo ena odyetsera, koma makinawo akuzungulirabe pomwepo.