Boma likachepetsa ufulu wanu, khoti limafunsa chiyani?

Moni nonse. Apolisi aletsa msonkhano, kapena lamulo latsopano laletsa kulemba zinazake. Kodi pamenepo malamulo aakulu a dziko aphwanyidwa? Osati nthawi zonse. Ufulu wolankhula, wosonkhana ndi woyenda utha kuchepetsedwa, koma boma liyenera kufotokoza chifukwa chake pamaso pa oweruza. Ku South Africa zimenezi zili mu gawo 36 la malamulo aakulu a dziko, ku Malawi mu gawo 44, ku Canada mu gawo 1 la chikalata chawo cha maufulu cha 1982.

Mlandu wotere umayamba ndi wodandaula. Iye atchule gawo lenileni loteteza ufulu wake ndi kusonyeza mmene wakhudzidwira. Ambiri amagwera pomwepa: amangoti "andilakwira" osaloza gawo. Wodandaula akaloza gawo ndi kusonyeza bwinobwino mmene wakhudzidwira, ntchito imasamukira kwa boma.

Funso loyamba kwa boma: chiletsocho chili mu lamulo lolembedwa? Mawu apakamwa a nduna kapena a mkulu wa apolisi sakwanira. Lamulolo likhalenso lomveka, loti munthu wamba adziwe chimene chaletsedwa.



Mafunso otsatirawo anamveka bwino pa mlandu wa David Oakes ku Canada mu 1986. Bambo ameneyu anapezeka ndi timabotolo 8 ta mafuta a chamba, kalikonse ka galamu imodzi. Lamulo la nthawiyo linkati wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo atengedwe ngati wogulitsa, pokhapokha iye mwini atsimikizire khoti kuti sagulitsa. Apa ufulu woyesedwa wosalakwa unatembenuzidwa.

Khoti Lalikulu la Canada linafunsa kaye ngati cholinga cha lamulolo n'chachikulu ndithu. Linavomera: malonda a mankhwalawa ndi vuto lenileni. Kenako linafunsa ngati njira yomwe boma lasankha ikugwirizana ndi cholingacho, ndipo lamulo linagwera pamenepa. Kukhala ndi kamankhwala kochepa m'thumba sikusonyeza kuti munthu ndi wogulitsa, choncho lamulolo likanatha kumangitsa anthu pa mlandu waukulu umene sanapalamule.

Pali mafunso ena awiri, ndipo loyambalo ndi limene maboma amalephera kawirikawiri: kodi panalibe njira ina yopweteka pang'ono? Ngati nkhawa ya apolisi ndi chipwirikiti pa msewu umodzi, angathe kusintha njira ya zionetsero, kusintha ola, kapena kuwonjezera achitetezo. Boma lingavutike kufotokoza chifukwa choletsera zonse mzinda wonse pamene njira zimenezi zilipo. Lomaliza ndi kuyeza: phindu limene dziko lapeza likuposadi zimene anthu ataya?

Muzimvetsera bwino mawu oti "chitetezo cha dziko". Kungowatchula si umboni. Boma libweretse zikalata, mboni kapena ziwerengero, ndipo loya wa wodandaula ali ndi mwayi wozitsutsa.

Palinso maufulu amene saimitsidwa ngakhale pa nthawi ya nkhondo kapena ngozi yadzidzidzi. Pangano la United Nations la maufulu a nzika ndi ndale la 1966, mu gawo 4, limatchula ufulu wa moyo, kusazunzidwa, kusakhala kapolo, kusamangidwa chifukwa cholephera kubweza ngongole, kusalangidwa pa chinthu chimene sichinali mlandu pa tsiku lomwe chinachitika, kuzindikiridwa ngati munthu pamaso pa malamulo, ndi ufulu wa maganizo ndi chipembedzo. Munthu akazunzidwa m'chitokosi, khoti silifunsanso za cholinga cha boma. Limangofuna kudziwa ngati zinachitikadi.